Makina a "quantum" oyeza DNA pa Mangochi boma: musapititseko mwana wodwala

Pa Mangochi boma pali kashopu kena kogulitsa mankhwala owonjezera thanzi komwe masiku ano anthu akukhamukirako chifukwa cha makina omwe akuti amayeza thupi lonse, mpaka DNA (yomwe imasunga zomwe munthu amatengera kwa makolo), osabaya singano, osatenga magazi. Dzina la shopuyo sinditchula, pakuti vuto lenileni ndi makinawo ndi zomwe akulonjeza nawo, ndipo aliyense angathe kuwaitanitsa n'kutsegula malo ake mawa. Maganizo anga ndinenetu poyambirira: ngati muli ndi mwana wodwaladwala, ndalama zanu zisathere kumeneko.

Ine ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina m'boma lomwe lino, ndipo nkhani ya DNA ndi zotengera kwa makolo ndimaiphunzitsa chaka ndi chaka ku Fomu 4. Kushopuko ndinaperekeza mng'ono wanga yemwe amakhala cha ku Namwera, ali ndi mwana wake wamwamuna wazaka 4. Mwanayu kuyambira ali wakhanda wakhala akutupa manja ndi mapazi, maso amachita chikasu, magazi amamuthera moti anawonjezeredwapo kale kuchipatala, ndipo nyengo yozizira ikafika amachezera kulira kuti miyendo ikuphwanya. Apongozi ake a mng'ono wangayo ndi amene anamva za makinawa m'minibasi, n'kulamula kuti mwana akayezedwe kuti zidziwike "kumene kwachokera matenda". Mng'ono wanga anamva bwino lomwe komwe mawu amenewo amaloza. Anandiimbira foni n'kuti, "Achemwali, tiyeni limodzi, ndekha sindilimba mtima."

Zabwino zilipo ndipo ndizitchule. Malowo ndi aukhondo, mipando ilipo yokwanira, fani ikuzungulira, ndipo amene amakudziwa kutentha kwa Mangochi mwezi wa Okutobala akudziwa kuti fani si nkhani yaing'ono. Mnyamata amene amayendetsa makinawo ndi waulemu kwambiri. Anatilonjera bwinobwino, agogo ena amene anali patsogolo pathu anacheza nawo m'Chiyao mpaka anaseka, mwana wathu anamupatsa madzi ozizira. Anakhala pansi n'kumvetsera mbiri yonse ya matenda a mwanayo osayang'ana wotchi. Mayi amene watopa ndi kuima pamizere akapeza munthu womumvetsera chotere mtima umakhala m'malo, ndipo ndikuona kuti chimene chikukokera anthu kumeneko kwenikweni ndi chimenechi. Mnyamatayo wavala gawuni loyera, anthu akumutchula kuti adokotala, iye osakana. Pakhoma sindinaonepo satifiketi ya Medical Council of Malawi, bungwe lomwe limalembetsa anthu ololedwa kuyeza ndi kuchiza odwala m'dziko muno. Chomwe chili pakhoma ndi chithunzi chachikulu cha DNA yopotana, ndi mawu a Chingerezi olonjeza kuti makinawo amapeza matenda akumtundu ndipo mankhwala awo amakonza DNA.

Makinawo ndi kabokosi kopepuka, kolumikizidwa ku laputopu ndi chingwe cha USB, ndipo chingwe china chimathera pa kachitsulo kogwira m'manja. Pabokosipo palembedwa Quantum Resonance Magnetic Analyzer. Tinalipira K10,000. Asanayambe, mnyamatayo analemba mukompyuta dzina la mwana, tsiku lobadwa, kutalika kwake, kulemera kwake, ndiponso kuti ndi wamwamuna. Kenako mwana anafumbata kachitsuloko kwa mphindi ngati imodzi, pasikirini pakuyenda mizere ndi chithunzi cha thupi la munthu. Pulinta inalavula masamba ambiri a Chingerezi: chiwindi, impso, mafupa, calcium, mavitamini, chilichonse ndi nambala yake, zina zobiriwira zina zofiira. Ndinawerenga tsamba ndi tsamba. Panalibe mzere ngakhale umodzi wonena za mtundu wa haemoglobin (chinthu chonyamula mpweya m'maselo ofiira) yomwe ili m'magazi a mwanayo, chikhalirecho zizindikiro zake zonse zimaloza kumeneko.

Atayang'ana mapepalawo, mnyamatayo anatembenukira kwa mng'ono wanga. "Amayi, DNA ya mwanayu yasokonekera, ma frequency ake atsika. Zotere zimachokera kwa mayi, poti mwana amakhala m'mimba mwa mayi miyezi 9. Koma musadandaule, zimakonzeka." Anatulutsa mabotolo awiri a makapisozi, K45,000 pamwezi, ndipo anati amwe miyezi itatu kenako adzayezedwenso. Mng'ono wanga anangoweramitsa mutu, akusisita dzanja la mwana lomwe linali litafumbata kachitsulo kaja. Ndinadziwa kuti akuganiza zomwe akanene kwa apongozi ake, ndipo mtima unandiwawa kwambiri.

Ndinafunsa mofatsa kuti, "Achimwene, makinawa akuiona bwanji DNA?" Anayankha kuti asayansi anapeza kuti tinthu tating'onoting'ono ta mu DNA timadumpha kuchoka pamalo ake, kuti matenda akumtundu amayamba motero, ndipo makinawo amamva kudumphako kudzera m'manja, makapisozi n'kubwezera tinthuto m'malo. Anati anaphunzira zimenezi ku semina. Chomwe chinandikhudza n'chakuti chiganizo chake choyambacho chili ndi kachoonadi mkati, ndipo bodza lomwe lakwera pa choonadi ndi lovuta kulitsutsa pamaso pa mayi wosweka mtima. Ndiye ndifotokoze pano zomwe sindikanatha kufotokoza m'shopu muja.

Quantum physics ndi gawo la Fizikisi lofotokoza khalidwe la tinthu tating'ono zedi, monga ma electron ndi ma proton a mu atomu. Inayamba ndi Max Planck mu 1900. N'zoona kuti asayansi akuluakulu akhala akufunsa ngati malamulo ake ali ndi mbali pa zomwe mwana amatengera kwa makolo. Mu 1943 Erwin Schrödinger, mmodzi mwa amene anaimika sayansi imeneyi, anakamba nkhani ku Dublin zonena kuti uthenga womwe kholo limapatsira mwana uyenera kuti umasungidwa mu molekyulu yolimba kwambiri, ndipo kusintha kwake kumachitika modumpha, osati pang'onopang'ono. Nthawi imeneyo maonekedwe a DNA anali asanadziwike. Anadzawafotokoza James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge mu 1953, mothandizidwa ndi zithunzi za X-ray zochokera pa ntchito ya Rosalind Franklin ku London.

DNA ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo pachingwe chilichonse pandandalikidwa zilembo za mitundu inayi, A, T, G ndi C. A amagwirana ndi T wa pachingwe chinacho, G amagwirana ndi C. Chowagwirizanitsa ndi ma hydrogen bond, awiri pakati pa A ndi T, atatu pakati pa G ndi C, ndipo pa bond iliyonse pali proton imodzi yomwe yakhazikika mbali imodzi koma ikukokedwanso ndi mbali inayo. Selo likafuna kugawikana, enzyme (puloteni yogwira ntchito m'selo) yotchedwa helicase imalekanitsa zingwe ziwirizo, ina yotchedwa DNA polymerase n'kumayenda pachingwe chilichonse ikuika chilembo choyenerana ndi chomwe yachipeza. Potero DNA imodzi imasanduka ziwiri, iliyonse ili ndi chingwe chimodzi chakale ndi china chatsopano, monga anasonyezera Matthew Meselson ndi Franklin Stahl mu 1958.

Nanga proton ija itasamukira mbali inayo pa nthawi yomwe zingwe zikulekana? Watson ndi Crick omwewo, m'chaka chomwecho cha 1953, analemba kuti chilembo chikapezeka m'maonekedwe ake achilendo chingathe kugwirana ndi mnzake wolakwika. G angatenge T m'malo mwa C, ndipo maselo obadwa pambuyo pake angapitirize cholakwikacho. Mu 1963 Per-Olov Löwdin wa ku Sweden anawonjezera kuti proton sifunika kukhala ndi mphamvu zokwanira kudumpha chotchinga chomwe chili pakati. Mwa malamulo a quantum ingathe kungopezeka kutsidya. Ana anga a Fomu 4 ndimawauza kuti zili ngati mbuzi yomwe mwaitsekera m'khola lalitali loti singadumphe, chitseko chili chitsekere, palibe pomwe pagumuka, koma m'mawa mwaipeza kunja. Mbuzi singatero, koma proton, poti ndi yopepuka kwambiri ndipo mtunda womwe ikudutsa ndi wochepa kuposa nanometre imodzi (gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita), nthawi zina imatero. Zimenezi ndi zomwe amati tunnelling.

Kafukufuku wa nkhaniyi adakalipo, ndipo ndi wokoma kumutsatira. Gulu la Hashim Al-Hashimi ku Duke University ku America, mu 2015 ndi 2018, linagwiritsa ntchito njira yofufuzira mamolekyulu ndi maginito yotchedwa NMR kuona G ndi T zikusintha maonekedwe kwa kanthawi kochepetsetsa mpaka kuoneka ngati zilembo zoyenerana, zomwe zingapusitse polymerase. Mu 2022 Louie Slocombe, Marco Sacchi ndi Jim Al-Khalili a ku University of Surrey ku England anawerengera pakompyuta n'kupeza kuti pakati pa G ndi C proton imadutsa mwa tunnelling pafupipafupi kuposa mmene ankaganizira, ngakhale pa kutentha kwa thupi la munthu. Koma imabwereranso msangamsanga, ndipo funso lomwe asayansi akulimbana nalo ndi lakuti kodi imakhalitsa kutsidyako mokwanira kuti helicase iipezeko. Apo ndi pomwe nkhani yafika: m'malabotale akuluakulu ndi m'makompyuta amphamvu, pa zilembo ziwiri zokha zogwirana, osati pa munthu wathunthu amene wakhala pampando.

Komanso thupi silingokhala chete zolakwika zikachitika. Polymerase imalakwitsa pafupifupi kamodzi pa zilembo 100,000, koma yomweyo imabwerera m'mbuyo kukachotsa cholakwikacho, ndipo ma enzyme ena amatsatira kudzakonza zotsala, moti pamapeto pamatsala cholakwika chimodzi pa zilembo ngati biliyoni imodzi kapena kuposa. Tomas Lindahl, Paul Modrich ndi Aziz Sancar analandira mphotho ya Nobel mu 2015 chifukwa chofotokoza mmene selo limakonzera DNA yake. Mwana amalandira zilembo pafupifupi 3 biliyoni kwa mayi ndi zina 3 biliyoni kwa bambo, mu ma chromosome (mitolo ya DNA) 23 mbali iliyonse, ndipo mwa zonsezo zatsopano zomwe makolo ake analibe zimangokhala ngati 60 kapena 70, zambiri zake zosavulaza.

Tsono ganizirani kachitsulo kaja. DNA ili mkati mwa selo, m'kati mwenimweni, ndipo kuti muiwerenge muyenera kutenga magazi kapena malovu, kuitulutsa m'maselo, kuichulukitsa ndi njira ya mu labotale yotchedwa PCR, kenako kuiika m'makina owerenga zilembo. Kachitsulo kogwira m'manja, kakachita bwino kwambiri, kangamve mmene magetsi akudutsira pakhungu, zomwe zimasintha ndi thukuta basi. Pofuna kuti mng'ono wanga aone ndi maso ake, ndinalipira kuti andiyeze nanenso, kenako ndinapempha kuti abwereze koma alembe chaka chobadwa cha mtsikana wazaka 20. Anavomera mosavuta, ndipo pamenepo ndinatsimikiza kuti iyeyo amakhulupiriradi makina ake, sikuti akuba mwadala. Dzanja lomwelo, pasanathe mphindi zochepa, mafupa anga omwe anali ofiira palipoti loyamba anasanduka obiriwira, ndipo zina zomwe zinali bwino zinafiira. Mnyamatayo anayang'anitsitsa mapepala awiriwo atawagwira limodzi, anakhala chete kanthawi, kenako anati mwina ndi madzi omwe ndinamwa.

Makina enieni ogwiritsa ntchito khalidwe la quantum la ma proton a m'thupi alipo, ndi MRI, makina ojambula mkati mwa thupi. Amafuna maginito wolemera matani angapo, chipinda chakechake ndi akatswiri owerenga zithunzi. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anaika MRI mu 2008, ndipo inathandiza madokotala kupeza kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo umatupa. Ngakhale makina aakulu amenewo amajambula ziwalo, sawerenga zilembo za DNA.

Tsopano za mwana wathu. Titachoka kumeneko tinapita kuchipatala cha boma, anamutenga magazi, ndipo zotsatira zitabwera zinatsimikiza kuti ali ndi sickle cell. Matendawa ndi amodzi mwa omwe sayansi imawadziwa bwino kwambiri. Pa chromosome 11, pamalo osunga malangizo opangira haemoglobin, chilembo chimodzi chokha chinasintha: pomwe payenera kukhala GAG pali GTG. Chifukwa cha chilembo chimenecho, pamalo achisanu ndi chimodzi pa tcheni la beta, lomwe ndi gawo la haemoglobin, pamalowa kachidutswa kotchedwa valine m'malo mwa kena kotchedwa glutamic acid, monga anapezera Vernon Ingram cha m'ma 1956 ndi 1957. Mpweya ukachepa, haemoglobin yotere imamatana, selo lofiira limapindika n'kuuma, limatseka timitsempha tating'ono, ndiye ululu uja wa m'mafupa. Selo lofiira labwino limakhala masiku ngati 120, lopindikali limafa pakati pa masiku 10 ndi 20, ndiye kutha magazi kuja.

Bodza lomwe linandipweteka kuposa onse ndi lija lakuti matendawa amachokera kwa mayi. Mwana sadwala sickle cell pokhapokha atalandira chilembo chosinthika cha haemoglobin mbali zonse ziwiri, kwa mayi ndi kwa bambo. Amene walandira mbali imodzi yokha amakhala wathanzi, nthawi zambiri osadziwa n'komwe kuti ali nacho. Makolo onse awiri akakhala nacho, pamimba iliyonse kuthekera kwakuti mwana abadwe ndi matendawa ndi 1 mwa 4, ndipo mimba iliyonse imayambira pomwepo, mosaona za ana obadwa kale. Miyezi 9 ya m'mimba ilibe mbali pa zimenezi. Alamu anga, bambo a mwanayu, anavomera kuyezedwa, ndipo onse awiri anapezeka kuti ali nacho mbali imodzi. Ndimawalemekeza chifukwa anatenga pepala lawo n'kukawaonetsa okha amayi awo. Koma ndi amayi angati omwe amatuluka m'shopu muja atasenza mlandu umenewu, opanda mchemwali wowaperekeza, kukafika kunyumba komwe banja likugwedezeka kale?

Ndipo chilembo chimenechi si temberero, si kuti chinadumpha dzulo m'thupi mwa mwanayu. Daniel Shriner ndi Charles Rotimi, mu kafukufuku wawo wa 2018, anawerengera kuti chinayamba mwa munthu mmodzi mu Africa zaka pafupifupi 7,300 zapitazo. Chinafalikira chifukwa amene ali nacho mbali imodzi amatetezeka kwambiri ku malungo oopsa, zomwe Anthony Allison anasonyeza kum'mawa kwa Africa mu 1954. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe, komwe udzudzu susowa, n'zosadabwitsa kuti chimapezeka m'mabanja mwathu. Chinanso chomwe ophunzira anga achidwi angakonde: kusamuka kwa proton komwe anafotokoza Löwdin kumasinthanitsa A ndi G, kapena C ndi T. Kusintha kwa sickle cell ndi kwa A kupita ku T, mtundu wina ndithu. Ndiye ngakhale nkhani ya tunnelling itatsimikizika yonse, sikhudza chilembo chomwe chikuvutitsa mwana wathuyu.

Nanga makapisozi a K45,000 angakonze chilembo chomwe chili m'selo lililonse la thupi? Taonani zomwe zimafunika anthu akafunadi kukhudza DNA. Kumapeto kwa 2023 maiko a Britain ndi America anavomereza chithandizo cha sickle cell chotchedwa Casgevy, chogwiritsa ntchito njira yodulira ndi kusintha DNA yotchedwa CRISPR. Amatenga maselo opanga magazi a wodwalayo, amakawasintha mu labotale, wodwala amalandira mankhwala amphamvu ochotsa maselo akale m'mafupa, kenako amabwezeretsa osinthidwawo, ndipo amagonekedwa milungu ingapo. Mtengo wake ku America mu 2023 unali madola 2.2 miliyoni. Ngakhale pamenepo sakonza chilembo chija, amangodzutsa haemoglobin ya ukhanda yomwe thupi limasiya kupanga mwana akabadwa. Pabotolo lomwe tinaonetsedwa panalembedwa mavitamini ndi zomera zouma. Sindinaonepo chizindikiro chilichonse cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno.

Zomwe zikuthandiza mwana wathu ndi zotsika mtengo ndipo sizochititsa chidwi: folic acid, penicillin womuteteza ku matenda a mabakiteriya, mankhwala oteteza malungo, katemera yense, neti usiku uliwonse, madzi akumwa ambiri, juzi m'miyezi ya Juni ndi Julaye pomwe ku Namwera kumazizira, ndiponso kusasamba madzi ozizira kwambiri akabwera kunyanja. Pali mankhwala ena otchedwa hydroxyurea omwe amachepetsa kudwala pafupipafupi, koma amaperekedwa ndi dokotala amene azimuyeza magazi. Zikavuta, chipatala chachikulu cha dera lathu ndi Zomba Central, ndipo ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya ana a matendawa.

M'shopumo muli makina oyeza BP abwinobwino, a lamba womanga pamkono, ndipo amenewo ndilibe nawo vuto, mungayezetse. Za K10,000 ya kabokosi kaja ndinapempha kuti atibwezere, anakana mwaulemu kuti mwini wake salola, ndipo sindinalimbane nawo. Amene munagula kale mabotolo aja, musasiye mankhwala omwe munapatsidwa kuchipatala, ngakhale wina atakuuzani kuti ziwirizi sizimwerana. Tengani botololo pamodzi ndi buku la kuchipatala la mwana mukaonetse a kiliniko, ndipo mukapemphe kuti amuyeze sickle cell ngati amatupa manja ndi mapazi, amachita chikasu kapena amatha magazi kawirikawiri. Mwana wotere akangotentha thupi, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pausiku.